Filimu kapena digito: tiyende ndi kamera iti mu Ogasiti muno mu Lilongwe?

Ogasiti ndi mwezi wovuta kwa munthu wokonda kujambula mu Lilongwe. Mvula inaleka kalekale, udzu wauma, chisanu cha Juni ndi Julayi chikunka nichitha koma m'mawa kukuzizirabe. Mphepo ikukweza fumbi, anthu akutentha mapesi ndi tchire, anyamata akusaka mbewa, ndipo utsi wonsewo ukungoyandama m'mwamba osafuna kuchoka. Phiri la Bunda kapena la Nkhoma, lomwe mu Meyi limaoneka bwinobwino mpaka miyala yake, tsopano limangooneka mbuu. Ambiri amaika kamera m'kabati kudikira kuti majakaranda achite maluwa kumapeto kwa Seputembala. Ine ndimati akutaya mwezi wabwino, bola munthu adziwe chida chotuluka nacho.

Zida zopikisana si ziwiri monga timanenera nthawi zambiri. Ndi zitatu: kamera ya digito, filimu ya black and white, ndi filimu ya kala. Ndipo digitoyo ili pawiri, DSLR (yokhala ndi kagalasi mkati kotumiza chithunzi kudiso) ndi mirrorless (yopanda kagalasiko), zomwe mwezi uno sizikhala mofanana.

Tiyambe ndi kuwala, poti ndiko timajambula. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, choncho dzuwa likatuluka cha m'ma 6 koloko limakwera mofulumira, ndipo madzulo limalowa 6 koloko isanakwane, mdima n'kugwa posakhalitsa. Utsi wa Ogasiti umachititsa kuti dzuwa lifiire psuu lisanafike pansi, ndipo mphindi zimenezo ndi zomwe aliyense amafuna: akabaza akubwerera kunyumba m'fumbi lofiira, amayi atasenza nkhuni, ng'ombe zikuwoloka msewu wa ku Malingunde. Apa digito ilibe mnzake. Kuwala kukamachepa mumangokweza ISO, nambala yosonyeza mmene kamera imamvera kuwala, kuchoka pa 200 kupita pa 1600 kapena 3200, n'kupitiriza. Filimu siitero. Mukaika filimu ya black and white ya Ilford HP5 Plus ya ISO 400, zithunzi zonse 36 zidzakhala za 400. N'zotheka kuijambula ngati ya 1600 n'kudzawonjezera nthawi potsuka, koma chosankha chimenecho chimagwira filimu yonse, kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza. Munthu amene wanyamuka m'mawa, n'kuswera panja, n'kubwerera madzulo ndi filimu imodzi, penapake agonja.

Masana nkhani imatembenuka. Kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 3, thambo limayera, malata amanyezimira, ndipo nkhope ya munthu wovala chipewa imabisala mumthunzi wakuda bii. Taganizirani amayi a Chigwirizano akutuluka m'tchalitchi ku Nkhoma, mabulauzi oyera, maduku oyera, nkhope zakuda, kumbuyo kuli makoma akale a njerwa a mishoni yomwe inayamba mu 1896. Mukafuna kuti nkhope zioneke pa digito, bulauzi imayera mopitirira, mapindo ake n'kusowa, ndipo chomwe chasowa kumalo owala sichibwereranso ngakhale mukhale pa kompyuta usiku wonse. Njira yake ndi kujambula RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona), kuyeza kuwala pa bulauzi, n'kudzakweza mithunzi pambuyo. Zimatheka, ndipo makamera a zaka khumi zapitazi amachita bwino. Koma filimu ya negetivi imachita zimenezi mwachibadwa. Imapirira kuwala kochuluka. Muyeze kuwala pankhope, bulauzi idzasungabe ulusi wake. Chomwe filimu imadana nacho ndi kuimana kuwala. Ndiye lamulo la zida ziwirizi ndi losemphana: digito muziiteteza ku kuwala kochuluka, filimu muziiteteza ku kuwala kochepa.

Kwa amene kamera yake yakale mita yoyezera kuwala inafa, pali lamulo la Sunny 16 lomwe limagwira bwino kuno. Dzuwa likakhala lowala, ikani chibowo cha lenzi pa f/16 (nambala ikakula, chibowo chimachepa), liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, likhale pafupi ndi ISO ya filimuyo, monga 1/500 ya sekondi pa filimu ya 400. Tsiku la utsi wambiri tsegulani mpaka f/11. Ndipo pa black and white, fyuluta yachikasu kapena ya olenji imadula utsi, n'kudetsako thambo kuti phiri lisiyane ndi kumwamba. Imadya kuwala, yachikasu sitepe imodzi (theka la kuwala), ya olenji pafupifupi ziwiri, koma masana a Ogasiti kuwala ndi kosefukira. Pa digito ntchito imeneyi imachitidwa ndi Dehaze, chida chochotsa utsi cha mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom. Ndingopemphako kuti tisamaikoke mpaka kumapeto. Ndimaona zithunzi za Ogasiti zili ndi thambo lobiriwira la mu Epulo, ndipo mtima umandiwawa, chifukwa utsiwo ndiwo nkhope ya mwezi uno. Mdzukulu wathu akadzaona chithunzicho azidzadziwa kuti inali nyengo iti popanda kumuuza.

Tsopano fumbi, lomwe kwa ine ndilo likulu la nkhani yonseyi.

Kamera ya digito ili ndi sensa imodzi, kachipangizo kolandira chithunzi m'malo mwa filimu, moyo wake wonse. Kachitsotso kakakhalapo, kadzaoneka pa chithunzi chilichonse pamalo omwewo. Pa f/2.8 kapena f/4 simungakaone, koma mukatseka mpaka f/11 kapena f/16 kuti mujambule phiri, timadontho totuwa timatuluka pathambo lonse. Mirrorless ndiyo imavutika kwambiri, chifukwa pa makamera ambiri a mtunduwu mukangochotsa lenzi sensa ili pamtunda, ikuyang'ana mphepo. Pa DSLR pali galasi ndi shutter kutsogolo, zomwe zimatchingako ngakhale si kwathunthu. Malenzi a zoom otalika ndi kufupika nawonso amapopa mpweya kulowetsa mkati, fumbi n'kulowera limodzi. Mwezi uno sankhani lenzi imodzi muli m'nyumba, ndipo musaichotse mpaka mutabwerera. Zikakakamiza, lowani m'galimoto, tsekani mawindo, zimitsani kamera, iyang'ane pansi, sinthani msanga. Gulani kachipangizo ka labala kopopera mpweya. Musauzire ndi pakamwa, ndipo nsonga ya chitenje kapena ya malaya isayandikire sensa kapena galasi la lenzi, chifukwa fumbi lathu lili ndi mchenga ndipo limakanda.

Filimu apa ili ndi mwayi woonekeratu: chithunzi chilichonse chimagwera pamalo atsopano, ndiye kachitsotso kamaononga chimodzi basi. Koma musaganize kuti yapulumuka. Kamchenga kamodzi kakakhala pa chitsulo chomwe chimapanikiza filimu kumbuyo kwa kamera, kadzalemba mzere wowongoka pa zithunzi zonse 36, ndipo mudzadziwa mutatsuka kale. Tsegulani chitseko cha kamera pamthunzi, posafika mphepo, n'kupopamo musanaike filimu ina. Mpweya wouma umabweretsanso vuto lina: mukamabweza filimu mwaliwiro, magetsi a static amatha kusiya timizere tonga mphezi pa negetivi. Bwezani pang'onopang'ono. Ndipo nthawi yoopsa kuposa zonse ndi yoyanika. Negetivi yonyowa imamata chilichonse chouluka. Ine ndimayanika m'bafa, nditathira kaye madzi otentha pansi kuti nthunzi igwetse fumbi, n'kutseka chitseko ndi zenera mpaka itauma.

Za magetsi ndidutsa msanga chifukwa tonse tikuzidziwa. Ku filimu, Pentax K1000, yomwe inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, ndi Nikon FM2 ya 1982, zimajambula popanda batire. Kabatire kake ndi ka mita yokha. Canon AE-1 ndi yosiyana, shutter yake imafuna batire la 6V la 4LR44, lomwe sindilo lopezeka pa golosale iliyonse. Ku digito, DSLR imasunga moto kuposa mirrorless: Nikon D3500 amaiwerengera zithunzi 1,550 pa batire limodzi, pamene Sony a6000 ndi pafupifupi 360. Kwa wokagona ku Dzalanyama kapena kumudzi kopanda potchajira, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Ndalama ndi pamene anzanga ambiri okonda filimu amakhala chete. Filimu sitipanga kuno, mankhwala otsukira sitipanga kuno, zonse zimafuna ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera. Pa digito mumalira tsiku logula lokha, kenako kujambula n'kwaulere. Pa filimu chala chikangodina, ndalama yatuluka.

Apa ndi pamene filimu ya kala ndi ya black and white zimasiyanira njira. Ya kala, monga Kodak Gold 200, Ultramax 400 kapena Portra 400, imatsukidwa ndi njira ya C-41 yomwe imafuna mankhwala akhale pa madigiri 38 osasuntha. Masitudiyo ambiri omwe makolo athu ankatsukitsako zithunzi anasamukira ku digito, ndiye ambiri amadikira wachibale wopita ku Johannesburg kapena Cape Town komwe malo otsukira alipobe. Zithunzi za Ogasiti mumadzaziona mu Okutobala. Ndipo wonyamulayo mumuuze kuti filimu yosatsuka isalowe m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, komanso apemphe kuti iunikidwe pamanja, chifukwa makina atsopano ounikira katundu a CT a m'mabwalo a ndege amaiononga ngakhale itadutsamo kamodzi. Filimu ya kala ndimaikonda, koma kwa munthu wa mu Lilongwe wolipira za m'thumba mwake, ndiyo ya nambala 3.

Black and white ndi nkhani ina, ndipo Ogasiti ndi mwezi wake. Imatsukidwa pa madigiri 20, ndipo mwezi uno madzi a pampopi m'mawa amakhala pafupi pamenepo. Akazizira kwambiri mumangothirako ofunda pang'ono. Yesani zimenezo mu Okutobala, mudzafuna madzi oundana. Zofunika ndi zochepa: thanki yotsukira, chikwama chakuda cholowetsamo manja, thermometer, ndi mankhwala awiri, developer yotulutsa chithunzi ndi fixer yochikhazikitsa. Chipinda chamdima sichifunika. HP5 Plus mu developer ya ID-11 yosasungunula imatenga mphindi 7 ndi theka. Kwa wotsuka mwa apo ndi apo developer ya Rodinal ndi yabwino chifukwa botolo lotsegula limakhala zaka, ndipo mumathira gawo limodzi pa magawo 50 a madzi. Mafilimu a Kentmere ndi Fomapan ndi otsikirako mtengo ndipo ndi okwanira pophunzira. Fixer yotha ntchito imakhala ndi siliva, choncho musaitaye m'dimba kapena pafupi ndi chitsime. Mukatsuka mudzafunabe digito, kaya kamera kaya foni, yojambulira negetivi pa chinthu chowala kuti zithunzi zifike kwa anzanu. Filimu yosagwiritsa ntchito isungeni m'firiji kutentha kusanayambe, ndipo muziitulutsa ikadali m'kabotolo kake kuti ifunde kaye musanatsegule.

Pali zinthu ziwiri za nyengo ino zomwe sindingapite nazo ndi filimu yokha. Choyamba ndi Gule Wamkulu. Anthu akolola, ndi nthawi ya zinamwali ndi ziliza, ndipo kumapeto kwa mwezi Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Gule amathamanga, fumbi limakwera mpaka m'mitengo, ndipo nthawi zambiri bwalo limatentha dzuwa litapendeka. Pamafunika liwiro la 1/1000, ISO yokwera, ndi zithunzi zambiri kuti mupezepo chimodzi. Imeneyi ndi ntchito ya digito, lenzi imodzi, kamera itakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Koma kamera isatuluke m'chikwama musanalonjere amfumu ndi akuluakulu a pabwalo. Mufike mwaulemu, munene kuti, "Gogo, ndabwera kudzaonera, kodi mungandilole kujambula?" Akakana, mwaonera ndi maso. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005, koma chilolezo chimachokerabe kwa eni mudzi, ndipo kudambwe si kwa kamera ya mtundu uliwonse.

Chachiwiri ndi masamba atsopano a miombo. Kumapeto kwa Ogasiti kulowa mu Seputembala, mvula isanaganize n'komwe zobwera, mitengo ya ku Dzalanyama imaphuka masamba ofiira, ena ofiirira, ena achikasu. Black and white ingaphe zonsezo. Filimu ya kala ya Kodak Ektar 100 ingazitulutse mokongola ngati muli nayo ndipo muli ndi kotsukira, apo ayi digito m'mawa utsi usanachuluke. Mbalame za m'nkhalangomo, komanso za m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ku Lilongwe Wildlife Centre, n'za digito basi.

Ndiye wofuna kamera imodzi yokha ndimamuuza kuti agule DSLR ya kaunjika, monga Nikon D3500 kapena Canon 2000D, zonse za mamegapixel 24, ndi lenzi yopanda zoom ya 35mm kapena 50mm f/1.8. Imapirira fumbi kuposa mirrorless, imasunga batire, imaona madzulo. Amene ali kale ndi digito, afufuze m'kabati mwa amalume kapena agogo omwe ankayenda pa njinga kujambula maukwati. K1000 kapena Yashica ikhoza kukhala ili m'menemo. Aikemo black and white, aziyenda nayo masana ku Old Town ndi kumsika, komwe digito imavutika ndi malata ndi mithunzi, ndipo azipempha kaye: "Amayi, ndingakujambuleni pa tomato wanuyu?"

Musanapereke ndalama, yesani. Pa digito funsani kuti shutter yadina kangati, kenako jambulani khoma loyera pa f/16 ndi kukulitsa chithunzicho kuti muone madontho. Pa ya filimu tsegulani chitseko muone siponji ya m'mbali. Ikakhala yomata kapena yofumbutuka, kuwala kudzalowa ndipo filimu idzapsa. Dinani pa liwiro lililonse mukumvetsera, makamaka pa sekondi imodzi, pomwe makamera okalamba amakakamira. Pomaliza unikani lenzi ndi tochi ya foni: timizere tonga ulusi wa kangaude mkati mwa galasi ndi nkhungu ya nyengo ya mvula, ndipo lenzi yotere musaisunge pamodzi ndi zinzake.