Seva ikamagwa yokha, musathamangire kufomata

Abale anga a ku Chipata, makamaka inu achinyamata okonza makompyuta ku Down Shops ndi ku Kapata, landirani moni wochokera kuno ku Johannesburg. Mumandifunsa pa WhatsApp kuti ntchito ya kuno njotani. Za ndalama tidzakamba ndikabwera, lero mumve chimene chimatigoneka ku ntchito.

Ndimasamala maseva, makompyuta akuluakulu otumikira makompyuta ena, m'chipinda chozizira moti timavala juzi ngakhale mu Okutobala. Seva imodzi imakhala ndi ma processor awiri kapena anayi, iliyonse ndi tizigawo take towerengera totchedwa ma core ambirimbiri, onse akugwira ntchito nthawi imodzi. Driver, kapulogalamu kaja kamene kamalumikiza Windows kapena Linux ndi khadi ya netiweki kapena ya RAID (yoyendetsa ma hard disk angapo pamodzi), akhoza kukhala ndi chilema chosaoneka pamene core ili imodzi. Koma ma core awiri akagwira malo amodzi mu memory pa nthawi yomweyo, zili ngati amayi awiri kuvundula mphika umodzi, wina akuthira ufa wina akuti yapsa. Seva imauma kapena kuonetsa sikirini ya buluu. Chowawa n'chakuti sichita tsiku lililonse. Imayenda bwinobwino, n'kudzagwa kumapeto kwa mwezi anthu ali pakati pokonza malipiro.

Kwathuko tikanati ndi vairasi kapena magetsi, basi n'kufomata. Koma ukafomata umabwezeramo driver yemwe uja.

Pa Windows timayamba ndi uthenga wa pa sikirinipo. Ukakhala DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, nambala yake 0xD1, kawirikawiri umatchula fayilo ya driver yothera ndi .sys. Kenako timatenga fayilo ya mu C:\Windows\Minidump, imene Windows imalemba ikamagwa, kuitsegula mu pulogalamu yofufuzira ya WinDbg ndi kulemba !analyze -v. Driver wotchulidwayo si nthawi zonse amene walakwa, mwina mnzake ndiye anaononga memory n'kuchokapo. Zikatero timayatsa Driver Verifier, pulogalamu ya mu Windows, amene amagwetsa dala makina driver akangolakwa. Ameneyu musamuyatse masana anthu akugwira ntchito, adzakutukwanani.

Pa Linux, ukalemba dmesg imanena zambiri, lspci -k imaonetsa driver wa khadi iliyonse, ndipo /proc/interrupts imaonetsa core imene ikulandira ma interrupt (mauthenga oitana processor) a khadi iti.

Mayeso amene ndimawakonda ndi osavuta: kuyatsa seva ndi core imodzi yokha, pa Linux ndi maxcpus=1, pa Windows kudzera mu pulogalamu ya msconfig. Imayenda mwaulesi, inde, koma kugwa kukatha ndiye kuti mwina vuto ndi kulimbirana kwa ma core kuja. Pamenepo timafuna driver watsopano kwa amene anapanga seva, ndi firmware (kapulogalamu ka mkati mwa khadi) yogwirizana naye, chifukwa driver watsopano pa firmware yakale amabweretsanso zake. Timasintha chinthu chimodzi, kulemba m'buku, kudikira.

Malaputopu amene mumakonza kumeneko nawonso ali ndi ma core angapo, ndipo WinDbg njaulere. Wina akabweretsa ya sikirini ya buluu, koperani minidump yake pa fulashi musanaigwire, munditumizire tiione limodzi Loweruka madzulo.