Fuliji yanga ya WiFi patatha miyezi 8

Ambiri mwakhala mukundifunsa za fuliji ija ndinagula pashopu ina pa Kasungu boma nditagulitsa soya, ndiye nkhani yake ndi iyi. Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi kompulesa ya inverter, siyimangozima ndi kuyaka mwaphokoso ngati yakale ija, zinthu zikazizira imachepetsa liwiro nkumayenda pang'onopang'ono, ndipo ndaona ndekha pamita kuti mayunitsi akukhalitsa kusiyana ndi kale olo mu Okutobala muja kunatentha koopsa. Alamu ya chitseko nayo ndiyothandiza zedi. Kamwana kanga komaliza kamatsegula kufuna mafulizesi kenako nkuthamangira panja chitseko chili pululu, fuliji imalira tii tii mpaka wina akatseke.

Koma za WiFi ndiye ayi, zimandiwawa ndithu. Amati utha kusintha kazizidwe pafoni uli kutali, chabwino, koma ine ndinaika pa madigiri 4, kufiriza -18, tsiku loyamba lomwelo ndipo sindinakhudzenso. Kuti app yake igwire ntchito, fuliji imafuna intaneti ya mnyumba yosazima pomwe ine ndimangogula bandulo ya pafoni. Magetsi akathima nayo imachoka pa intaneti, uthenga wochenjeza pafoni osabwera, chonsecho nthawi imeneyo ndi yomwe mtima umakhala pa nyama ndi nsomba zili mkatimo.

Fridge guard ndinachita kugula padera, magetsi akabwerera imadikira mphindi zingapo isanayatse fuliji kuti kompulesa isapse. Akanangoika imeneyi mkati mmalo mwa WiFi bwenzi ndikulipira mosadandaula.