Karate ya madzulo pa holo ya kwathu ku Ndirande

Aphunzitsi ake, omwe timawatcha Sensei, amaphunzitsa Shotokan, mtundu wa karate womwe Gichin Funakoshi wa ku Okinawa anaufalitsa ku Japan. Chomwe ndimawakondera nchakuti sathamangitsa munthu. Kata (mndandanda wa mayendedwe oloweza pamtima) yoyamba ija, Heian Shodan, amakubwerezetsa mpaka miyendo kunjenjemera, ndipo bondo lakutsogolo likangolowa mkati amabwera nkuligunda pang'ono ndi chala, osalalata. Ana ndi akuluakulu tonse timaima mzere umodzi, nkumawerengera limodzi mu Chijapanizi: ichi, ni, san.

Vuto ndi pansi. Ndi simenti yokhayokha, mphasa zofewa palibe, ndiye poti timasewera opanda nsapato, masabata oyamba zidendene ndi zala zimatuluka matuza. Kugwa saphunzitsa nkomwe, ndipo akuchita bwino, pamenepaja munthu angathyoke. Magetsi akathima timaweruka msanga, koma ndalama ya pamwezi sasintha, zomwe ine sizindisangalatsa.

Mukafuna kuyamba, musathamangire kugula yunifolomu yoyera ija. Amalola thalauza lotakasuka ndi tisheti. Wengani zikhadabo, tengani botolo la madzi, ndipo nsima mukadye mukaweruka, chifukwa ma situp ake ndi ambiri.