Kufunsira pasipoti pa intaneti: zabwino, koma chithunzi chokha

Njira yofunsira pasipoti pa intanetiyi ndaikonda, ngakhale osati yonse. Fomu yake ndi yaifupi, imatseguka bwino pa foni, ndipo ukangolemba nambala ya chiphaso cha unzika, dzina ndi tsiku lobadwa zimatulukira zokha. Ndalama umalipirira pomwepo, lisiti n'kubwera pa uthenga wa pafoni. Zolawirira m'mamawa kukaima pamzere zatha. Aja oti "ingondipatsani kangachepe ndikuthamangitsireni" asowa pogwira, poti kompyuta ilibe mlamu.

Chondinyansa ndi chithunzi. Makina amangochikana osanena chifukwa: kaya ndi mthunzi, kaya khutu labisika, uzilota wekha. Ndiye ukapita kukadinda zala, akukuitanitsanso pepala la setifiketi ya kubadwa, yomwe anakupatsa ndi boma lomwelo. Zachiyani? Ku Estonia, dziko la ku Ulaya, nthambi za boma zakhala zikutumizirana zinthu zoterezi kudzera pa X-Road, njira yolumikiza makompyuta awo, kuyambira 2001, ndipo mfundo yawo ndi yakuti nzika isafunsidwe chinthu chimodzi kawiri. Anthu amenewo mpaka kuvota amavotera pa intaneti kuyambira 2005.

Okalamba opanda foni zamakono awaiwala ndithu. Pakauntala pakufunikabe munthu wowadzazira fomu.