Bokosi la zida zodindira zithunzi za lino: miyezi itatu ndikuligwiritsa ntchito

Chomwe chinandichititsa kugula bokosili ndi zithunzi za John Muafangejo, mmisiri wa ku Namibia yemwe anaphunzira luso lake ku Rorke's Drift ku South Africa. Bamboyu ankasema mbiri ya anthu akwawo pa lino (chinthu chofewa chonga rabala chomwe amayala pansi m'nyumba), zithunzi ndi mawu pamodzi, zakuda ndi zoyera basi. Nditamvanso kuti m'chaka cha 1947 gulu la Taller de Gráfica Popular ku Mexico linatulutsa zithunzi 85 zofotokoza nkhondo yawo yosintha boma, mtima unandiyabwa kuti nanenso ndiyese ndi mbiri ya dziko lathu.

M'bokosimo munali zidutswa za lino zisanu, chogwirira chimodzi, timipeni tisanu, rola wa rabala wopakira inki ndi inki yakuda. Linoyo ndi wofewa bwino, mpeni umangoyenda osakakamiza. Ndinasema khamu la anthu likukweza mbendera tsiku la ufulu. Paliponse pomwe wasema pamatuluka poyera, pomwe wasiya ndi pomwe pamagwira inki. Makina osindikizira safunika. Umayala pepala pamwamba, n'kumatikita ndi kumbuyo kwa supuni, kenaka n'kusenda pang'onopang'ono kuyambira pakona. Nthawi imeneyo mtima umagunda ndithu.

Chidutswa chimodzicho chinandipatsa zithunzi 30. Apa ndiye pagona ubwino wake. Chojambula ndi burashi chimakhala chimodzi, pakhoma limodzi, pomwe izi ndinagawira ana asukulu, zina n'kumata panja. Agogo ena anaima nthawi yaitali akuloza ndi ndodo, n'kuyamba kusimbira achinyamata zomwe anaona okha tsikulo. Sindinawafunse n'komwe, chithunzicho ndicho chinawatsegula pakamwa.

Zodandaula zilipo ziwiri. Kapepala ka malangizo sikanena kuti zonse zimatuluka motembenuka ngati pagalasi, choncho chaka chomwe ndinalemba pansi chinatuluka chammbuyo ndipo lino wathunthu anapita pachabe. Ogulitsa akanalemba mzere umodzi wokha, masiku anga atatu sakanawonongeka. Chachiwiri, inki yake ndi yamadzi, imauma msanga pa rola kukatentha, mwakuti nkhope za anthu zimatuluka mawangamawanga.

Kampeni kakang'ono kooneka ngati V, komwe ndimasemera maso ndi zilembo, kabuntha kale. Ndagula kena padera pamodzi ndi inki yamafuta, koma rola ndi chogwirira zikadali zolimba, ndipo panopa ndikusema chithunzi chachinayi.