Ndemanga ya boti lowedzera sailfish ndi marlin ku Watamu

Ndemanga iyi ikukhudza kampani ina yaing'ono ya ku Watamu, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Kenya, kummwera pang'ono kwa tauni ya Malindi, yomwe imabwereketsa boti pamodzi ndi kaputeni ndi antchito ake kwa anthu ofuna kukawedza nsomba zikuluzikulu za mlomo wautali wosongoka, makamaka sailfish ndi marlin. Ndakwera boti lawo m'nyengo zosiyanasiyana za chaka, ndipo chimene ndikufuna kuti mudziwe musanapereke ndalama zanu ndi chakuti nsomba imene mudzakumane nayo imadalira kwambiri mwezi umene mwapita, ndiponso kuti kampaniyi imanena zoona pa nkhani imeneyi ngakhale pamene kunena zoonako kukuitayitsa kasitomala.

Chaka cha asodzi a kumeneko chimayendera mphepo ziwiri. Kaskazi imachokera kumpoto chakummawa ndipo imaomba kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi, pamene kusi imachokera kummwera chakummawa, imayamba cha mu Epulo ndipo imapitirira mpaka cha mu Okutobala. Amene munaonapo mmene mwera umatsekerezera mabwato kumtunda pa nyanja ya Malawi mu Juni ndi Julayi mukumvetsa kale khalidwe la kusi, kungoti kumeneko mafunde amachokera kutali kwambiri ndipo amafika ali ataliatali. Kuyambira Epulo mpaka cha mu Julayi maboti ambiri amawatulutsa m'madzi kuti akonzedwe, chifukwa nyanja imawinduka komanso ndi nthawi ya mvula yambiri. Nditawafunsa za malo m'miyezi imeneyi, anandiyankha mosapita m'mbali kuti ndisaononge ndalama, ndidikire nyengo itseguke. Yankho limeneli ndi limene linandichititsa kuyamba kuwakhulupirira.

Nyengo imene ndinakhutira nayo kwambiri ndi ya sailfish, kuyambira Okutobala mpaka Disembala, pamene nsombazi zimasonkhana zambiri kufupi ndi Malindi, m'madzi a kutsogolo kwa malo amene mtsinje wa Sabaki umathira m'nyanja. Boti limanyamuka m'mamawa dzuwa likungotuluka, ndipo likafika pamalo limayenda pang'onopang'ono likukoka nyambo zingapo kumbuyo, zina zopachikidwa pa mitengo italiitali ya m'mbali mwa boti kuti zingwe zisakolane. Zina mwa nyambozo zilibe mbedza, ntchito yake ndi kukopa nsomba kuti iyandikire. Apa ndi pamene luso la antchito a botili limaonekera. A kaputeni amakhala pamwamba akuyang'ana m'madzi, ndipo kawirikawiri amaiona nsomba ife tisanaone kalikonse. Akangofuula, mnyamata mmodzi amakoka msanga nyambo yopanda mbedza ija, mnzake n'kuponya yokhala ndi mbedza pamalo omwewo, ndipo nsombayo, itatukula chipsepse chake chachikulu cha kumsana, imaithamangira. Sailfish imayamba yamenya nyambo ndi mlomo isanaimeze, choncho munthu amayenera kumasula chingwe kwa kamphindi kuti nsomba itenge bwino, osati kukoka nthawi yomweyo monga momwe manja amafunira. Antchitowa amaphunzitsa zimenezi moleza mtima, ndipo sakulandani ndodo pokhapokha mutawapempha, chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri, pakuti munthu amalipira kuti awedze yekha.

Sailfish zambiri za kumeneko zimalemera pakati pa makilogalamu 20 ndi 40, ndipo pa chingwe cha mapaundi 30 (nambala imeneyi ndi mphamvu imene chingwe chingapirire chisanaduke) zimalimbana nawe mokwanira popanda kukufooketsa. Zimadumpha mobwerezabwereza ndipo m'nyengo yake yeniyeni si zachilendo kukola ziwiri nthawi imodzi. Kwa munthu woyamba kumene, kapena wopita ndi banja, miyezi imeneyi ndi imene ndingalimbikitse.

Marlin ndi nkhani ina, ndipo aliyense woifuna ayenera kukhala wokonzeka kutha tsiku lathunthu osagwira kanthu. Kaskazi ikakhazikika, kuyambira Disembala mpaka Malichi, marlin yamizeremizere ndi yabuluu zimafika m'madzi akuya a kutali ndi gombe, makamaka pamalo amene asodzi amawatcha Rips, pomwe madzi oyenda amakumana n'kusonkhanitsa tinsomba ting'onoting'ono. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene a kaputeni amaiwerengera kwambiri. Zipangizo zimasintha: zingwe zimakhala za mapaundi 50 kapena 80, ndodo zimakhala zolemera, ndipo wowedza amakhala pa mpando wapadera womangidwa kumbuyo kwa boti, atamangirira ndodo m'chiuno ndi malamba. Marlin yabuluu imene ndinakola mu Febuluwale inatenga chingwe chambiri m'kanthawi kochepa, ndipo a kaputeni anayendetsa boti chambuyo mafunde akulowa mpaka kutinyowetsa tonse, cholinga chake chingwe chisathe. Sanachite phuma, sanakalipire aliyense, amangonena modekha nthawi yokoka ndi nthawi yopuma. Zida zonse zinali zosamalidwa bwino, mfundo zinali zolimba, ndipo sindinaonepo chingwe chikuduka chifukwa cha kutha kapena dzimbiri. Kampaniyi imachitanso maulendo ogona panyanja opita ku North Kenya Banks, malo owedzera a kutali ndi gombe, komwe usiku amawedza swordfish, nsomba inanso ya mlomo wautali ngati lupanga, koma ulendo wotere ndi wa anthu amene thupi lawo linazolowera kale mafunde.

Za Ogasiti ndi Sepitembala ndinganene mwachidule. Kusi imakhala isanathe, nyanja imakhala yovuta, ndipo amene amamva nseru ndi chizungulire ayenera kumwa mankhwala asanakwere. Nsomba za tuna zimakhalapo zambiri, komanso marlin yakuda imapezeka pa Watamu Banks, malo owedzera a pafupi ndi gombe, pomwe amaiwedza ndi nyambo yamoyo ya tuna yaing'ono. Marlin yakuda imadziwika ndi zipsepse za m'mbali zouma zimene sizipindika, ndipo ndi mtundu umene umakula koopsa: yaikulu kwambiri yolembedwa m'mabuku a IGFA, bungwe la padziko lonse losunga mbiri ya nsomba zazikulu zogwidwa ndi ndodo, inagwidwa ku Cabo Blanco, Peru, mu 1953 ndipo inalemera mapaundi 1,560. Za ku Watamu zimene ndinaona zinali zocheperapo kutali, koma mphamvu zake pa ndodo ndi zokwanira kutopetsa munthu wamkulu.

Chimene chinandikhudza mtima ndi mmene amabwezera nsomba m'madzi. Sailfish ndi marlin saziika m'boti. Akaifikitsa pambali, amaibaya kachizindikiro ka pulasitiki kokhala ndi nambala pafupi ndi chipsepse cha kumsana, amachotsa mbedza, kenako mmodzi amaigwira mlomo boti likuyenda pang'ono kuti madzi adutse m'makha mwake mpaka mphamvu zibwerere. Zonse amazilemba pa khadi lopita ku African Billfish Foundation, bungwe limene limalondola maulendo a nsombazi m'nyanja ya Indian Ocean. Pa nyambo zenizeni za nsomba, osati zochita kupanga, amagwiritsa ntchito mbedza zozungulira, zimene zimakola pakona pa kamwa m'malo mokalowa m'mimba. Ndinaona kasitomala wina akupempha kuti sailfish ikwezedwe m'boti kuti ajambulitse, koma a kaputeni anakana mwaulemu n'kumufotokozera kuti nsomba yotopa ikatulutsidwa m'madzi mwayi wake wokhala ndi moyo umachepa. Ndikugwirizana nawo kwathunthu, chifukwa ntchito ya antchito onsewa ndi ya ana awo yagona pa kuti nsombazi zizibwera chaka ndi chaka.

Pali zinthu zimene ayenera kukonza. Choyamba ndi mayankho a mauthenga, omwe amachedwa kwambiri m'nyengo ya marlin, moti munthu wofuna kugula tikiti ya ndege amakhala m'malere osadziwa ngati tsiku lake latsimikizika. Komanso sananene pachiyambi kuti nsomba zodyedwa monga tuna ndi wahoo zimakhala za boti, ndipo kasitomala amangopatsidwa gawo la ndiwo akapempha. Mwambo umenewu ndi wofala kugombe kumeneko ndipo ndilibe nawo vuto, koma uyenera kulembedwa poyera. Chachikulu kuposa zonsezi ndi chitetezo: majekete oyandamitsa munthu analipo okwanira, wailesi yolumikizirana ndi kumtunda inalipo, koma palibe amene anatisonyeza pamene majeketewo amasungidwa mpaka nditafunsa. Boti lopita kutali chomwecho liyenera kufotokozera okwera zimenezi lisananyamuke, nyanja ikhale yabata kapena ayi. Mthunzi ulipo wokwanira, madzi akumwa ndi ambiri, chakudya cha masana ndi chopepuka, ndipo chimbudzi ndi chaching'ono koma chaukhondo.

Mtengo ndi wokwera, ndipo amalipiritsa boti lonse pa tsiku, osati munthu aliyense payekha, choncho kupita anthu atatu kapena anayi kumapepula katundu, ngakhale kuti zikatero mumasinthana pa ndodo. Mafuta, nyambo ndi zida zili mumtengo womwewo, koma ndalama yothokozera antchito ndi yapadera ndipo ndi bwino kuikonzeratu. Ine ndidzakweranso boti limeneli. Wofuna sailfish asungitse malo a mu Novembala, wofuna marlin asankhe Januwale kapena Febuluwale ndipo alipire masiku angapo otsatizana m'malo mwa tsiku limodzi, komanso apemphe kuti tsiku, mtengo ndi nkhani ya nsomba zodyedwa zilembedwe asanatumize ndalama yoyamba.