XnConvert patapita miyezi: logo ndi boda pa zithunzi zambirimbiri

Nditangoyamba kugwiritsa ntchito XnConvert, chimene ndinkauza anzanga ojambula chinali liwiro lake basi. Uthira foda yonse ya zithunzi za ukwati, udina kamodzi, ukamamaliza kumwa tiyi zonse zatuluka zili ndi logo yako pakona. Liwirolo likadalipo, koma tsopano ndadutsa nayo nyengo yathunthu ya maukwati, ma kitchen party ndi miyambo ya omaliza maphunziro kuno ku Lusaka, ndipo zimene ndimaikondera lero si zija ndinkaitamandira poyamba.

Kwa amene sanaionepo, iyi ndi pulogalamu ya pakompyuta yosinthira zithunzi zambiri nthawi imodzi. Anaipanga ndi Pierre-Emmanuel Gougelet wa ku France, mwini wake wa XnView, pulogalamu yoonera zithunzi. Imayenda pa Windows, macOS ndi Linux, ndipo imatsegula mitundu ya mafayilo yoposa 500. Ndi yaulere kwa woigwiritsa ntchito kunyumba kapena kusukulu, koma wochita nayo bizinesi amayenera kugula layisensi. Ife amene timadyera kamera tisadzinamize kuti ndife a kunyumba. Timadandaula anthu akamatenga zithunzi zathu osalipira, ndiye ntchito ya mnzathu tiilipirenso.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Pa Input umaika zithunzi, pa Actions umandandalika zochita, pa Output umasankha kumene zikagwere. Chofunika kuchisamala ndi ndondomeko ya zochitazo, chifukwa zimayenda motsatana kuchokera pamwamba. Ine ndimayamba ndi kuimika chithunzi molingana ndi mmene kamera inagwiridwira, kenako kuchichepetsa, kenako boda, logo pamapeto. Logo ikalowa chithunzi chisanachepetsedwe imachepera limodzi nacho, manambala a foni n'kusanduka timadontho tosawerengeka. Logoyo ikhale fayilo ya mtundu wa PNG yopanda chakumbuyo, ndipo kukula kwake kuziyendera kukula kwa chithunzi. Zotuluka zizipita mu foda ina nthawi zonse. Fayilo ya chithunzi ya mtundu wa JPEG imataya kanthu nthawi iliyonse ikasungidwanso, ndiye zithunzi zoyambirira sizikhudzidwa.

Chimene ndayamikira kwambiri pa miyezi yonseyi n'chakuti sifuna intaneti. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, tonse mumzinda muno tinaphunzira kuthamangitsana ndi magetsi, ndipo chizolowezicho sichinandichoke. Mawebusayiti oika logo alipo ambiri, koma amafuna kuti utumize zithunzi mazana angapo kenako uzitengenso, bandulo ikutha, batire ikutha. XnConvert imamaliza ntchito pa laputopu yakale batire isanadandaule.

Tsopano pamene pali nkhani. Pulogalamuyi ili ngati chigayo: chimene wathira chimagayidwa, mwala ndi chimanga chimodzimodzi. Siona chimene chili pachithunzi. Ukaiuza kuti logo ikhale pansi kudzanja lamanja, idzakhala pomwepo pa zithunzi zonse, kaya pakonapo pali udzu, mchira wa diresi la mkwatibwi, kapena nkhope ya kamwana kogwira maluwa. Logo yoyera imazimiririka pa diresi loyera. Yakuda imasowa pa masuti a anyamata operekeza. Ku kitchen party ndiye kumavutitsitsa, poti holo yonse yavala chitenje chimodzi chamaluwa owala, ndipo dzina lako limamira m'maluwamo. Ku Chilenje mayi wina, mayi ake a mkwatibwi, anandibwezera foni akundilozera chithunzi chawo atakhala pamphasa, manambala anga atadutsa pa mbale zimene ankapereka kwa mwana wawo. "Mwanawe, mbalezi ndinagula ndekha kuti anthu azione. Chotsa zolembazi." Ndinati, "Ndamva, amayi," ndipo ananena zoona. Palibe pulogalamu yoika logo mwachimbulimbuli imene ikanadziwa kuti pachithunzi chimenecho mbalezo ndiye nkhani yonse.

Yankho ndinalipeza pa boda, chinthu chimene poyamba ndinkachiona ngati chokongoletsera chabe. M'malo mopondetsa logo pachithunzi, ndimawonjezera kampata koyera pansi pake pogwiritsa ntchito Canvas resize, chida chowonjezera malo m'mphepete mwa chithunzi, logo n'kukhala m'kampatako. Chithunzi chimatsala chaukhondo, dzina limawerengeka pa chilichonse, ndipo nkhawa ya diresi kapena suti yatha. Zoimirira ndi zogona ndimazilekanitsa m'mafoda awiri, chilichonse ndi ndondomeko yake yosungidwa, chifukwa kampata kokwanira pa chogona kamaoneka mosiyana pa choimirira.

Boda ili ndi ntchito inanso imene ojambula ambiri sitiilabadira mpaka kasitomala atakwiya. Kamera ya 24 megapixels imatulutsa chithunzi cha mapikiselo 6000 kwa 4000, kutanthauza muyeso wa 3:2. Pepala la mainchesi 4x6 limagwirizana nacho ndendende. Koma 5x7 ndi A4 sizigwirizana nacho, chimodzimodzinso 4:5 ya pa Instagram, mapikiselo 1080 kwa 1350. Muyeso ukasiyana, china chake chiyenera kudulidwa, ndipo chimadulidwa ndi cham'mphepete. Pachithunzi cha banja pa tsiku lomaliza maphunziro ku yunivesite ya UNZA, amene amaima kumphepete nthawi zambiri ndi amalume amene anabwera pabasi kuchokera ku Chipata kapena ku Petauke, mwinanso ndi amene analipira fizi. Kuwadula phewa ndi khutu pa chithunzi chopachika pakhoma si nkhani yaing'ono. Ukadzaza mpata wotsalawo ndi boda yoyera mpaka muyeso ukwane, aliyense amalowa, ndipo wotsuka zithunzi sakhala ndi chifukwa chodulira.

Chenjezo limodzi pa zokatsukitsa: boda yopyapyala sichita bwino papepala. Makina otsukira amakulitsa chithunzi pang'ono kuti inki ifike m'mphepete, ndiye kamzere kochepa kamatuluka konenepa mbali ina, kowonda mbali ina. Ikani yotakata, apo ayi musaike.

Ena adzati logo ya m'kampata n'njosavuta kuidula. Inde. Koma miyezi imeneyi yandionetsa kuti ngakhale ya pakati pa chithunzi siletsa munthu amene watsimikiza mtima. Mafoni ambiri masiku ano ali ndi chofufutira chimene chimachotsa zolemba ndi chala chimodzi. Dzina lolembedwa mkati mwa fayilo nalonso silifika patali, poti WhatsApp imachotsa zambiri zamkatizo chithunzi chikatumizidwa mwa masiku onse, n'kuchifinyanso. Za umwini wa zithunzi ku Zambia zili m'lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994, ndipo kusunga zithunzi zoyambirira kumathandiza monga umboni. Logo ntchito yake ndi kuitana makasitomala. Mkwatibwi akaika chithunzi pa status, azakhali ake, anzake a kuntchito ndi a kwaya yonse amaona dzina ndi nambala. Mafoni ambiri amene ndalandira amayamba ndi mawu akuti "ndinaona zithunzi za ukwati wa uje". Ndipo ndaona kuti logo yaing'ono yaulemu anthu amaisiya, pamene yaikulu yotchinga nkhope ndi imene amalimbana nayo.

N'chifukwa chake ndondomeko zanga zasintha. Zithunzi zoti kasitomala asankhepo asanamalize kulipira zimachepetsedwa kwambiri, ndipo zimakhala ndi logo yotuwa pakati. Zoika pa Facebook ndimazisiya pa mapikiselo 2048 mbali yaitali, logo ili m'kampata. Zimene munthu walipira zonse zimapita zopanda chilichonse, chifukwa wagula chithunzi, sanagule chikwangwani changa. Za maliro sindiikapo dzina ngakhale pang'ono. Ndaonapo zithunzi za ku Leopards Hill, amasiye akuika nkhata pamanda, pansi pake nambala ya foni ya wojambula ikuwala, ndipo zimandiwawa. Kuipa kwa kudina kamodzi n'kwakuti munthu umasiya kudzifunsa ngati chithunzi ichi chikuyenera logo. Foda ya maliro ikhale ndi ndondomeko yakeyake, yongochepetsa basi.

Pa kukonza mitundu ndi kuwala, XnConvert ili ndi zida zake, koma ine sindizidalira pa zithunzi za anthu. Holo imodzi imakhala ndi kuwala kwa pawindo, kwa mababu achikasu ndi kwa magetsi ovinira, ndipo khungu lathu limafuna diso la munthu pa chithunzi chilichonse. Zimenezo ndimamalizira kwina, XnConvert n'kubwera kumapeto. Amene ali kale ndi Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, akhoza kuika logo potulutsa zithunzi momwemo, koma Lightroom ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo kwa wojambula wa ku Matero kapena ku Chawama amene ntchito imabwera mwa apo ndi apo, ndalama imeneyo si yochepa.

Musanathire foda yonse, yesani kaye zithunzi khumi zosiyanasiyana: choimirira, chogona, chowala, chamdima, cha gulu. Muzione pafoni, osati pa laputopu pokha, poti ndi pafoni pamene makasitomala adzazionere.

Chimene ndikufunabe ndi njira yoti kompyuta iyeze yokha kuwala kwa pakona, isankhe logo yoyera kapena yakuda, kwa makasitomala amene safuna boda. Pulogalamu ina yotchedwa ImageMagick, yomwe ndi yaulere ngakhale pa bizinesi, ikhoza kuchita zimenezo, koma ilibe mabatani; malamulo ake umachita kulemba wekha. Ndayamba kuiphunzira madzulo magetsi akakhalapo, ndipo pakadali pano zithunzi zowala ndi zamdima ndikuzisankhabe pamanja.